Filimu Imodzi ya Loweruka ku Limbe

Chiringa, Phalombe
Lachitatu, dzuwa litapendeka

Mwana wanga Felisita,

Ndakhala pakhonde ndi kope lako lakale la samu, ndazula mapepala a pakati. Usaseke zilembo. Ukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo cholembera chimandilemera kuposa khasu. Ndikanatha kungokuitana n'kukuuza pakamwa, koma ndimadzidziwa. Ndikayamba kukuphunzitsa ndimathera kukalipa, iwe n'kukhala duu, zonse n'kutayika. Papepala sindingakalipe. Uwerenge mawa m'basi, uwerengenso Lachisanu ukapuma.

Tiyambe ndi mmene zinthu zilili, pasakhale kunamizana. A Likaka, amene akhala akunditsukira mafilimu ku situdiyo yawo ku Limbe kuyambira uli kumsana kwa amayi ako, avomera kukuyesa. Loweruka kuli ukwati. Akupatsa filimu imodzi, iwo ajambula ndi kamera yawo, iwe ndi yako, ndipo Lolemba aika zithunzi zako pambali pa zawo. Zikawakhutiritsa, ntchito ndi yako. Zikapanda kuwakhutiritsa, amalume ako a Bonifasiyo anena kale kuti ubwerere kuno udzakwatiwe ndi mnyamata wogulitsa matemba uja amene akhala akumulandira pakhomo pawo. Iwe unakana, ine ndinamva. Koma ine pano ndine mkamwini. Munda ndi wa amayi ako, malo a nyumbayi ndi akwanu, ndipo pamwambo ngakhale iwe amene, wokulankhulira ndi amalume ako. Changachanga ndi kamera, fulashi, ndi zimene ndaphunzira powononga mafilimu a eni ake. Kamera ndi fulashi ndaika kale m'chikwama chako. Chachitatucho ndi ichi ndikulembachi.

Kujambula panja m'mawa umatha, mwina kuposa ine. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi fulashi, chifukwa waigwira kochepa, ndipo m'tchalitchi sungaithawe. Mva ichi, Feli. Kulikonse kumene ungalowe, kuwala kulipo kale, kaya kwa pazenera, kaya kwa pakhomo, kaya kwa babu lapadenga. Yamba waona kuwala kumene wakupezako. Fulashi ntchito yake ndi kuwonjezera pamene paperewera, basi.

Ukwati woyamba umene ndinajambula unali ku Mkhumba, iwe uli ndi zaka zitatu, ine ndevu zisanagwirane. Fulashi ndinali nditangoipeza kumene, ndipo ndinkayenda nayo monyada ngati ndanyamula mphezi m'thumba. Tchalitchi chinali cha njerwa, mazenera ang'onoang'ono, koma munthu unkatha kuwerenga buku la nyimbo bwinobwino. Ine sindinayang'ane zimenezo. Ndinatseka diso la kamera pa 11, liwiro pa 60, n'kumangothwanimitsa anthu chapafupi mpaka filimu kutha. Zithunzi zitabwera, mkwati ndi mkwatibwi anatuluka mbuu ngati awawaza ufa, kumbuyo kwawo kuli bii. Amayi a kwaya amene anasoketsa yunifolomu chifukwa cha tsikulo sanaoneke ndi mmodzi yemwe. Maluwa a mapepala amene anakhalira sabata akudula, palibe. Azakhali a mkwatibwi anaziona chimodzichimodzi, kenako anandifunsa mofatsa kuti, “Kodi bambo wojambula, mwana wathuyu tinamukwatitsa mumdima ngati wobedwa? Ife timadziwa kuti tinayamba teni koloko m'mawa.” Kuwala kunalimo m'tchalitchimo, ine ndi amene ndinakutsekera kunja.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse chimene ndinalakwa, iwe ndikupatsa lero lomwe. Kagudumu ka liwiro kali pamwamba pa kamera kaja kamalamula kuwala kwa pamalopo kokha. Fulashi siimvera kagudumuko, chifukwa imang'anima n'kutha kachitseko ka mkati kasanatseke. Miyendo yako, kuyandikira kapena kubwerera m'mbuyo, imalamula fulashi yokha. Mphete ya manambala yozungulira diso imalamula zonse ziwiri. Ndiye ukafuna kuti kumbuyo kuoneke, usakhudze fulashi, tsitsa liwiro. Ukaopa kuti nkhope ipsa, usakhudze liwiro, bwerera m'mbuyo. M'tchalitchi masana, ndi filimu ya 100, yamba ndi mphete pa 4, liwiro pa 30, iwe masitepe asanu ndi limodzi kuchokera pa munthu. Mukada kwambiri tsikira pa 15, koma pamenepo upanikize zigongono m'nthiti, utsamire chipilala kapena benchi, ndipo uleke kupuma podina. Masitepe ako ndi aafupi kuposa anga, uwatalikitseko pang'ono. Ndimeyi uibwereze mpaka uziinena osaona papepala.

Manyazi a ku Mkhumba anandiponyera mbali ina. Ndinadana nayo fulashi, ndinalumbira kuti masana sindidzaiyatsanso. Ndiye anandiitana a Namonde a ku Jenala. Anali atagulitsa fodya n'kugula njinga yatsopano, ndipo ankafuna chithunzi chotumiza kwa achimwene awo ku Mozambiki. Dzuwa linali paliwombo, iwo atavala shati yoyera ndi chipewa chotambalala. Ndinawapempha kuti avule chipewacho, anakana, chifukwa nachonso chinali chatsopano. Ndinajambula choncho. Njinga inatuluka bwino mpaka masipoko kuwerengeka, shati ili mbee, koma pansi pa chipewa panali mdima wokhawokha. Ndinawapeza pasitolo ali ndi anzawo, n'kuwapatsa chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Njingayi ndaizindikira, chipewanso n'changa. Nanga wavalayu ndani?” Wina anati, “Ndi wakuba, a Namonde, kanenezeni.” Ndinapalasa ulendo wonse wobwerera makutu akutentha. Khungu lathu ndi lakuda, Feli, ndipo dzuwa la masana limachokera pamwamba, limasiya maenje m'maso ndi pansi pa chibwano. Kamera imaona shati ndi thambo n'kuiwala nkhope. Choncho uyatse fulashi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mphete pa 16 chifukwa cha dzuwalo, liwiro pa 60, iwe masitepe awiri kapena atatu. Pamenepo fulashi siingapose dzuwa, imangolowa pansi pa chipewa n'kutulutsa maso a munthu. Adzakuseka kuti ukuyatsa nyali masana, uwasiye aseke. Loweruka akamatuluka m'tchalitchi idzakhala nthawi yomweyo, diresi loyera, nkhope pansi pa velo. Koma chithunzi cha gulu lonse, pamene uyenera kuima patali, fulashi yathuyi siifika. Amenewo uwapititse pamthunzi, ngakhale adandaule kuti akufuna pamasitepe a tchalitchi.

Fulashi ikakhala pa kamera usadutse 60. Nambalayo ndi yofiira pa kagudumu, ndipo sanaifiiritse pachabe. Pa ubatizo wa mwana wa a Makina kuno ku Chiringa ndinali panja kujambula ana akuthamanga, liwiro pa 125, n'kulowa m'nyumba osabweza. Bambo ndi mayi anakhala pampando umodzi, khanda pakati. Chithunzi chinatuluka theka. Bambo alipo ndi tayi wawo, mayi adulidwa ndi mdima wowongoka ngati wolemba ndi rula. Mayiwo anakana kuphika masiku awiri. Amati amuna awo anachita kundinong'oneza kuti ndiwachotsepo chifukwa ali ndi wina ku Migowi. Nkhani inafika kwa ankhoswe, ndipo ine ndinaitanidwa ngati mboni. Ndinachita kutsegula kamera kumbuyo pamaso pa onse, kuwaonetsa kansalu ka mkati, kachitseko kaja, mmene kamayendera, kuti fulashi inang'anima kansaluko kasanatsegule mbali ya mayi. Ankhoswe a kuchikazi anasuzumira, anasuzumiranso, n'kunena kuti, “Chabwino, tamva. Koma kansaluka kanadziwa bwanji mbali imene kunakhala mwana wathu?” Banjalo lilipobe, koma mpaka lero mayiwo ndikawapatsa moni amayankhira kumbali. Nthawi iliyonse ukadutsa pakhomo, kulowa kapena kutuluka, yang'ana kagudumu. Pakhomo paliponse, Feli.

Chaka chimene matipate anayamba, misonkhano inachuluka, ndipo tsiku lina kuholo ya paboma ndinaona wojambula wochokera ku Blantyre akulozetsa fulashi yake kudenga. Anali ndi jekete ya matumba ambiri, ndiye ndinati ameneyu ndi wodziwa. Sindinamufunse, ndinachita manyazi. Lamulungu lotsatira kunali zopereka za masika kutchalitchi kwathu, anthu abweretsa nandolo, makaka, nkhuku, ndipo ine fulashi m'manja, chingwe chake lendelende, kuloza kumwamba filimu yonse. Chimene sindinaone n'chakuti holo ija inali ndi siling'i yoyera yapafupi, yobweza kuwala pansi. Kwathu kuno ndi malata akuda ndi dzimbiri, ali kutali, ndi mitengo yokhayokha. A Likaka anaikweza filimuyo pawindo, ili mbee yopanda munthu, n'kundifunsa kuti, “Achimwene, sabata ino munapatsidwa ntchito yojambula mileme?” Ku Limbe udzaona anyamata ochita zambiri ndi manja. Usatengere manja a munthu usanadziwe chimene maso ake aona. Ndipo Loweruka si tsiku loyesa zimene sunayesepo. Fulashi iloze kutsogolo monga ndinakuphunzitsira. Za kudenga udzafunse a Likaka ntchito ikakhala yako.

M'thumba la pambali pa chikwama muli mipango iwiri yoyera, amayi ako aichapa dzulo. Usaminire. Woyamba ndi wa fulashi, ndipo nzeru imeneyi si yanga. Tsiku lina ndinkajambula khanda la mnzawo wa amayi ako pakhomo pano, likungolira ndi kung'anima, amayi ako n'kunena kuti, “Inu, nyali yanuyo bwanji osaiveka kansalu? Mukuboola ana maso.” Ndinaiveka kuti angosiya kulankhula. Chithunzicho chinatuluka chofewa, khungu ngati khungu, kuposa zonse za filimu imeneyo. Sindinawauze msanga, koma anadziwa ataona mpango wanga wa kutchalitchi ukusowa. Ndiye m'tchalitchi ukafuna kuyandikira, osasuntha mphete pa 4, phimba fulashi ndi mpango kamodzi pa masitepe anayi, upinde pawiri pa masitepe atatu. Kalabala komangira kali momwemo. Potero nkhope siipsa, ndipo kumbuyo kumakhalabe ndi anthu.

Mpango wachiwiri ndi wa nkhope za anthu. Ukudziwa mmene amachitira kuno akamva belu la njinga yanga, aliyense kuthamangira botolo la mafuta odzola. Ku tauni n'chimodzimodzi, angosintha botolo. Padzuwa mafutawo savuta kwenikweni, koma fulashi ikawapeza imabwerera yonse. Atsikana a kwaya ina ndinawajambula atadzola mokwana, anatuluka akunyezimira ngati mandasi ongovuula kumene, mphumi ndi mphuno zoyera, maso osaoneka. Ulendo wotsatira ndinafuna kukonza, n'kuuza mayi wina wolemekezeka, akazi a ahedi, kuti, “Mayi, mwadzola kwambiri.” Anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kuti, “Mafutawo munandigulira ndinu?” Pasukulupo sanandiitanenso chaka chonse. Iwe usanene za mafuta. Upereke mpango ndi manja awiri, unene kuti, “Kwatentha lero, pukutaniko thukuta.” Palibe amene amakwiya ndi thukuta. Ndiponso munthu asatsamire khoma. Umukokere kutsogolo masitepe awiri, apo ayi fulashi imamuikira chimthunzi chakuda kumbali ngati wabwera ndi mnzake.

Za mabatire ndikuuza ndi mtima wowawa, chifukwa apa ndinalakwira anthu amene ankandikhulupirira. Tonse kuno timaanika mabatire otha padenga la malata kuti adzuke. Pa wailesi zimathekadi, imalankhulako mpaka nkhani zithe. Ine ndinachita zomwezo ndi a fulashi, n'kupita nawo ku ukwati wa mwana wa mnzanga amene tinkaimba naye kwaya. Poyamba inkayaka. Pofika pakati inayamba kuchedwa, kamluzi kake kakumveka ngati udzudzu wotopa. Nthawi yovekana mphete itakwana, kanyali ka kumbuyo, kosonyeza kuti fulashi yakhuta, kanali kasanayake. Ndinadina choncho, sinang'anime. Ndinasendera kwa abusa n'kuwanong'oneza kuti abwerezeko, iwo anayankha mokweza, tchalitchi chonse chikumva, kuti, “Bambo, ukwati sitimanga kawiri chifukwa cha batire.” Mnzangayo sanandikalipire, anangoti zimachitika, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Mu fulashi ndaikamo anayi atsopano, ena anayi ali mu sokosi pansi pa chikwama. Asakubwereke munthu, ngakhale atati akungomvera mpira. Usadine kanyali kasanayake. Nyimbo ya patsogolo pa malumbiro ikayamba, leka kujambula, fulashi ikhute, uime kale pamalo ako. Kuvekana mphete, kusaina m'kaundula, kutuluka pakhomo, izi zitatu sizibwerezedwa. Zinazo ungawaimitsenso panja.

Loweruka ukafike anthu asanabwere. Ulowe fulashi ili yozimitsa, uime kutsogolo pamene adzaime akwati, uone kumene kuwala kukuchokera. Yamba waona kuwala kumene wakupezako, ndanena kale ndipo ndinenanso. Usankhe mbali yoti zenera likhale kumbuyo kwako kapena pambali pako. Likakhala kumbuyo kwa akwati ndipo palibe pothawira, kasingano koyezera kuwala ka mkati mwa kamera ukatchere pa kuwala kwa zeneralo, kenako fulashi idzaze nkhope monga pansi pa chipewa paja. Ukapeze abusa kapena mkulu wa mpingo, ugwade, ufunse nthawi zimene salola kung'anima. Ena amakana popemphera, ena pa ulaliki wonse. Ukafunsa amakusiyira njira, ukapanda kufunsa amakudzudzula paguwa. Filimu usaithere pa aphelekezi akulowa movina, ngakhale akongole bwanji. Uziyang'ana kawindo kowerengera zithunzi, pofika povekana mphete ukhale usanafike theka la filimu.

Adzakufunsa kuti wojambulayo ali kuti, iwe kamera ili pakhosi. Ena adzakugwira dzanja kuti uwajambule, makamaka amalume a mkwati akalawako. Usakangane nawo, usasekerere kwambiri, unene kuti, “Ndikubwera bambo,” n'kupitiriza ntchito. Uvale siketi yabuluu ija yotalika, chifukwa udzagwada ndi kunyonyomala kambiri, ndi nsapato zafulati. Chingwe cha kamera chisachoke pakhosi, ngakhale pakudya, ngakhale m'minibasi. Kwa amayi ako aang'ono ku Bangwe ukakhale ngati mwana wapakhomo, utunge madzi usanauzidwe. A Likaka ndi munthu wa nthabwala zolasa, koma sanama pa chithunzi. Akakuuza kuti apa walakwa usalire, ufunse kuti ndikanatani. Ine zaka zonsezi ndinkabwerako nditakwiya osafunsa, n'chifukwa chake zinanditengera nthawi.

Tsopano za lero. Ndimafuna kukubisira, koma amayi ako sasunga nkhani, ndiye bola uimve kwa ine. Masanawa uli kuchigayo, amalume ako anabwera. Anakhala pampando wanga n'kunena kuti, “Alamu, a kwa mnyamata uja akufuna tsiku. Ndawauza kuti adikire Lachitatu likubwerali, mwanayu akhala atabwerako.” Ndinati, “Atabwerako bwanji, alamu, asanapite n'komwe?” Anaseka, anati, “Kujambula kwa ku tauni si kwa pa Chiringa. Inuyo amene zaka zonsezi mukadali panjinga.” Feli, chibwerere m'mudzi muno sindinawayankhepo amalume ako. Ndalima, ndafolera, ndakumba manda a abale awo, chete. Koma lero ndinayankha. Ndinati, “Mwanayu akalephera Loweruka, wolephera ndine amene ndinamuphunzitsa. Ndikwera ndekha kupita ku Limbe, ndikapempha filimu yachiwiri, ndikaima pambuyo pake mpaka adziwe. Koma kuti abwere kudzakwatiwa ndi munthu amene wamukana, zimenezo ayi.” Anandiyang'ana ngati mbuzi yalankhula. Anati, “Mukudziwa malo amene mwakhalapo?” Ndinati ndikudziwa. Anati, “Ndiye mudziwenso njira imene munadzera.” Amayi ako anali pakhomo akupeta nandolo. Sanadzutse mutu, anangoti, “Achimwene, amuna angawa akamapita ndiye munditengerekonso ine wina wa matemba.” Amalume ako ananyamuka osatsanzika.

Sindikudziwa kuti zithera pati. Mwina apsa mtima sabata n'kuziziritsa, mwina aitanitsa abale kuti tikambe. Zimenezo ndi zanga, usazinyamule m'chikwama, chalemera kale. Sindinakuuze kuti uchite mantha, manja onjenjemera pa 30 amawononga chithunzi. Ndakuuza kuti udziwe kuti Loweruka sukukajambula ndi mpeni pakhosi. Zikavuta, usakwere basi yobwerera. Ukhale ku Bangwe, utume mawu, ine ndibwera.

Koma sizivuta. Ndakuona ukugwira kamera, ndipo sufulumira ngati ine.

Lolemba a Likaka akatsuka, uwapemphe chithunzi chimodzi chapadera, cha m'tchalitchi, chimene akwati akuoneka nkhope bwinobwino ndipo kumbuyo kwawo anthu akuwerengeka mpaka benchi yomaliza. Uchiike mu envelopu, umupatse dalaivala wa matola ya ku Chiringa. Pa envelopupo usalembe dzina langa. Ulembe la amalume ako, ndi zilembo zikuluzikulu, atsegule okha.

Mulungu akutsogolere panjira, mwana wanga.

Ndine bambo ako.